Masteni, Nduna ya Zisangalalo

Lufina anabadwira ku Bwanje, kumene dzuwa limayamba kuwotcha munthu asanasukusule n'komwe. Ali mwana, ntchito yake inali youlutsa mbalame m'munda wa mpunga, ndipo n'kumene mawu ake anakulira. Ana anzake ankaliza zitini ndi kugwedeza mapepala apulasitiki pa chingwe. Iye ankangoima pamlambala n'kukuwa kamodzi, mpheta za m'munda mwawo ndi za m'minda ya anansi zonse n'kuuluka ngati utsi. Anansiwo ankamupatsa nzimbe pomuthokoza. Kutchalitchi anamuchotsa m'kwaya ya ana, osati poti ankaphonya nyimbo ayi, koma akayamba iye, anzake ankangooneka milomo.

Sukulu analekezera Fomu 2. Panabwera mnyamata wokonza njinga, dzina lake Lazarus, wofatsa ngati madzi a m'ngalande, woyankhula mawu owerengeka pa tsiku. Anthu ankati banjalo n'loyenerana, poti wina anabwera ndi pakamwa, wina ndi makutu. Anabereka ana, analima mpunga kusikimu, zaka n'kumapita.

Tsiku lina mwana wawo woyamba, Tisungane, ali Fomu 1, ankalimbana ndi samu pakhonde. Lufina anasuzumira n'kunena kuti yankho lalakwika. Mwanayo, osadzutsa n'komwe mutu, anati, "Amayi, izi si za kumunda."

Lufina anakhala chete, chinthu chimene chinadabwitsa ndi nkhuku zomwe. Sabata yotsatira anakalembetsa sukulu yamasana, n'kumakhala benchi limodzi ndi ana amene anawaona akukwawa. Pa mayeso a Fomu 4, ulendo woyamba masamu anamugwetsa. Anadzuka, n'kukung'untha fumbi, n'kulembanso. Ulendo wachiwiri dzina lake linatuluka pakati pa opita kukoleji ina ya aphunzitsi, kumtunda, cha ku Mlangeni.

Lazarus anamuperekeza pa njinga mpaka pokwerera minibasi. Atamutsitsira chikwama, anakanda m'mutu n'kunena, "Amake Tisu, kumeneko muzikayankhula motsitsa. Kumapiri mawu amabwerera mwini wake."

"Ine ndimakuwa kodi?" anafunsa Lufina, mbuzi imene inkadya m'mbali mwa msewu n'kuthawa.

Pachipata cha koleji mlonda anamuimitsa. "Makolo amathera pano, mayi. Mwana wanu ndi uti?"

"Mwanayo ndine," anayankha Lufina.

Anyamata amene anali pamenepo anaseka mpaka kugwira mpanda, ndipo asanafike n'komwe kuhositelo anali atapatsidwa kale dzina: Masteni, monga mmene achinyamata amatchulira mayi wawo. Analikana kwa masiku angapo, kenako anangozindikira kuti wayamba kuvomera.

Kumtunda kunamulandira ndi chisanu chimene sanachionepo chibadwire. Chifunga chinkagona pabwalo mpaka dzuwa litakwera, ndipo Lufina ankalowa m'kalasi atavala malaya onse amene anabwera nawo, pamwamba n'kufunda bulangete. Ana a kumtunda, okula ndi kachewere, ankayenda ndi malaya odula manja akumuyang'ana mwachisoni. Eliza, mtsikana wa ku Kandeu amene ankagona naye chipinda chimodzi, anamubwereka sokosi zaubweya n'kumuphunzitsa kutumiza zithunzi pa foni. Pasanathe nthawi chipinda chawo chinasanduka chipatala, telala ndiponso bwalo la milandu. Wothyoka batani, womva mutu, wokanidwa ndi chibwenzi, onse ankagogoda kwa Masteni.

Chaka choyamba chikutha kunali zisankho za bungwe la ophunzira. Pa mpando wa pulezidenti panaima Chrispine, mnyamata wa nsapato zosongoka ndi Chingerezi chotulukira m'mphuno. Anzake a Chrispine, pofuna kuseketsa anthu, anatchula dzina la Lufina pa mpando wa nduna ya zisangalalo. Aliyense ankadziwa kuti mayiyu sanapondepo m'disiko, ndipo nyimbo zimene ankazidziwa zinali za Chigwirizano cha amayi kutchalitchi. Eliza anamuuza kuti akane, akungofuna kumuseka.

"Andiseke," anatero Lufina. "Si zisangalalo zimenezo? Ndiye kuti ntchito ndayamba kale."

Tsiku la kampeni magetsi anazima, maikolofoni n'kufa. Opikisana onse anayankhula, koma ankamveka kwa okhala kutsogolo okha. Chrispine anatuluka thukuta chisanu chonsecho. Itafika nthawi ya Lufina, anaima atafunda bulangete lake, ndipo anamveka mpaka kukhitchini.

"Ana anga, ine za disiko sindizidziwa, ndisakunamizeni. Koma ndalera ana. Ndimadziwa kuti pamene ena akusewera, pamakhala wina amene wangokhala pakona. Ovina muzivina, sindikuletsani. Ine wanga ndi wa pakonayo."

Ena anamuvotera chifukwa cha mawuwo, ambiri chifukwa ndi yekhayo amene anamumva. Anapambana. Chrispine nayenso anapambana, poti mnzake amene ankapikisana naye anali ndi mawu aang'ono kuposa ake.

Ntchito yake yoyamba inali phwando lolandira ophunzira atsopano, Loweruka masana, m'holo yodyera. Lufina anabwereka masipika awiri aakulu ngati nkhokwe, n'kuima pakhomo manja ali m'chiuno, kuyang'anira katundu wa eni ake. Fumbi litayamba kukwera, anaona mnyamata wina wamtali, wa chaka choyamba, atakhala pamwamba pa sipika, zikhatho ataziika m'mbali mwake, maso ali chitsinzire.

"Iwe! Tsika pamenepo!"

Mnyamatayo sanasunthe. Lufina anakoka mpweya n'kutulutsa mawu a ku Bwanje enieni, aja ankachotsa mpheta m'minda. Woyimba nyimbo anazimitsa makina ndi mantha. Ovina anaima miyendo ili m'malere. Agalu a m'nyumba za aphunzitsi anayamba kuuwa. Mnyamata uja anangotsegula maso, n'kuyang'ana sipika modabwa kuti yalekeranji kunjenjemera.

Eliza anamukoka bulangete. "Masteni, ameneyo ndi Dyton. Samva. Nyimbo amaimvera m'manja."

Chibadwire, aka kanali koyamba kuti mawu a Lufina apite n'kubwerako opanda kanthu. Anachita manyazi mpaka anamva kutentha, koyambanso chifikire kumtunda.

Mawa lake, pochokera kutchalitchi, anamusaka kuti akapepese. Anamupeza atakhala pa mwala kuseri kwa laibulale, ndipo anaima patsogolo pake n'kuyamba: "PE-PA-NI! DZU-LO! SI-NDI-MA-DZI-WA!" Dyton anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anatulutsa foni, n'kulembapo, n'kumuonetsa.

"Musakuwe. Mukakuwa milomo yanu imangooneka ngati mukuyasamula. Yankhulani bwinobwino, mukundiyang'ana."

Lufina anayankhula bwinobwino, ndipo anadabwa kuona kuti mnyamatayo akutola pafupifupi zonse. Dyton anali wa konkuno ku Mlangeni, mwana wa alimi a kachewere. Makutu anatsekeka ali Sitandade 4, atadwala matenda amene anatsala pang'ono kumutenga. Anaphunzira chinenero chamanja kusukulu ya ana osamva, ndipo ankafuna kudzaphunzitsa ana onga iye. Kuyankhula ankatha, koma poti sankadzimva, mawu ake ankakwera ndi kutsika mosayembekezereka. Sabata yoyamba pakoleji anyamata ena anamuyeserera, iye n'kutseka pakamwa osatsegulanso.

"Ndiphunzitseni za manjazo," anatero Lufina.

Anayamba kukumana pa mwala uja akaweruka m'kalasi. Zala za Lufina, zozolowera khasu ndi chikwakwa, zinali zouma ngati nkhuni, ndipo zinkanena zinthu zimene mwini wake sanazitume. Tsiku lina, pofuna kunena kuti mawa tionana, anauza Dyton kuti mawa aphika mphaka. Dyton anaseka mpaka kugwa pa mwala. Pobwezera, anamupatsa dzina la manja: nkhonya pakamwa, kenako zala zonse n'kutambasuka mwadzidzidzi ngati chimanga chophulika pa moto. Lufina anafunsa tanthauzo lake. Dyton anati n'laulemu, ndipo sanafune kuwonjezerapo.

Vuto la Lufina linali lakuti akakonda chinthu ankafuna dziko lonse lichikonde tsiku lomwelo. Pamsonkhano wa bungwe la ophunzira anabweretsa ganizo: pakhale Lachitatu lachete. Nthawi ya chakudya chamasana pasapezeke woyankhula, aliyense apemphe chakudya ndi manja, kuti onse alawe mmene mnzawo amakhalira. Chrispine analikonda ganizolo nthawi yomweyo, maka poti anaona kuti lituluka bwino pa zithunzi. Lufina anapempha kuti Dyton asauzidwe. Ankafuna kumudzidzimutsa ndi chimwemwe.

Lachitatu lija holo inasanduka msika wa anyani. Palibe amene ankadziwa chinenero chamanja, choncho aliyense anapeka chake. Wofuna mchere ankadzinyambita chikhatho. Wofuna kabichi ankadzigwira mutu. A Silvester, mkulu wa kukhitchini, anayang'ana manja onsewo akuuluka patsogolo pawo, n'kuganiza zongopatsa aliyense nyemba, kaya waloza chiyani. Anthu ankaseka mobanika, ena n'kutsamwa. Kenako anyamata a kumbuyo anayamba kukwinya nkhope ndi kulira "aba, aba, aba," ndipo kuseka kunakula. Chrispine anagwira Dyton pa mkono, n'kumuimika kutsogolo, n'kumukoleka dzanja paphewa kuti ajambulidwe.

Dyton anaima mpaka chithunzi chinatheka. Kenako anaika mbale yake pa tebulo, nyemba osazikhudza, n'kutuluka.

Lufina anali kukhomo lina, akuopseza ndi chala amene ankanong'ona, ndipo sanaone bwino. Anatuluka m'holo akudziyamikira kuti zayenda. Madzulo anapita pa mwala uja, koma sanapezepo munthu. Mawa lakenso chimodzimodzi. Akakumana m'njira, Dyton ankayang'ana kumbali, ndipo munthu wosamva akakuyang'anira kumbali ndiye kuti wakutsekera chitseko ndi kiyi yemwe.

Anakamupeza Loweruka kubwalo la mpira, kuseri kwa goli, akumenyetsa mpira ku khoma la chimbudzi yekhayekha. Lufina anakaima pakati pa iye ndi khomalo. Mpira unamupeza pa ntchafu, koma sanasunthe.

Dyton sanatulutse foni. Anatsegula pakamwa, mawu n'kutuluka okwera, osweka pakati. "Ine si nyani."

"Ndimafuna kuti anthu akumvetseni," anatero Lufina.

"Munandifunsa?"

Lufina anakhala pansi pa udzu wonyowa, miyendo n'kuwongola ngati ali pamaliro. "Sindinakufunseni. Ndinalakwa, achimwene. Ndiye ndikufunsa pano. Mukufuna chiyani?"

Dyton anamusiya akhale pamenepo kwa kanthawi, kuti chinyezi chimulowe bwino. Kenako anakhala pa mpira n'kuyamba kufotokoza, pena ndi pakamwa, pena ndi manja, pena ndi foni. Belu la tiyi sankalimva, moti kangapo anapeza ketulo itauma. Aphunzitsi ankayankhula akulemba pabolodi, iye n'kumangowerenga nkhongo zawo. Koma chimene chinkamuwawa zedi chinali mpira. Atangofika anakayesedwa mu timu ya koleji. Ali ndi mpira kuphazi, woyimbira analiza wezulo, onse n'kuima. Iye anaona ngati Mulungu wamutsegulira njira. Anadutsa onse oimawo mmodzimmodzi, n'kugunda goloboyi amene ankamanga chingwe cha nsapato, n'kumwetsa chigoli, n'kuvula malaya akuthamanga ndi chimwemwe. Goloboyiyo anataya dzino. Gracious, kaputeni wa timu, anamuuza kuti asadzabwerenso.

Lufina anayesetsa kuti asaseke, poti anabwera kudzapepesa, koma zinakanika. Dyton nayenso anaseka.

"Yambani ndi mpira," anatero. "Zinazo tiona."

Gracious anali wamfupi, wa chifuwa chotambalala, ndipo ankayankhula za mpira ngati za m'Baibulo. "Masteni, malamulo sasintha chifukwa cha munthu mmodzi. Woyimbira amayimba wezulo, basi."

"Nanga atanyamula nsalu, kuti akaliza wezulo azikupizanso?"

"Woyimbira wanji angavomere kuthamanga ndi nsalu ngati akuvina pa chinkhoswe? Mukamupeza, mnyamata wanuyo asewere."

"Ndamupeza," anatero Lufina. "Ndine."

Panali patatsala masiku ochepa kuti achaka choyamba akumane ndi achaka chachiwiri, ndipo poti masewerowo anali pansi pa nduna ya zisangalalo, palibe amene akanamuletsa. Dyton anamuphunzitsa malamulo pa mwala uja ndi zitsekerero za mabotolo. Zambiri anazigwira, koma ofusayidi inakana kulowa. Pomaliza Lufina anaimasulira mwa iye yekha: aliyense woima pafupi ndi goli la eni, osagwira ntchito, akudikira kuti anzake amubweretsere mpira, ndi waulesi, ndipo ulesi ndi mlandu.

Tsikulo koleji yonse inakhamukira kubwalo, ndi anthu a m'midzi yoyandikana omwe, atamva kuti woyimbira ndi mayi wa ana atatu. Lufina analowa atavala nsapato za Eliza, wezulo pakamwa, chitenje chachikasu kudzanja. Bulangete analisiya koyamba. Ankathamanga kumbuyo kwa mpira akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, ndipo akaliza wezulo ankakupiza chitenje ndi mphamvu zonse. Chimene anthu anaona n'chakuti Dyton ndi amene ankayamba kuima. Anzake akumva aja ankapitiriza kukankhana, kudzinamiza kuti sanamve, pamene iye diso linali pa nsalu nthawi zonse.

Chigawo choyamba chili pakati, Gracious, amene ankasewerera achaka chachiwiri, anapondedwa, n'kutukwana mayi wa amene anamupondayo. Wezulo inalira, chitenje m'mwamba. Lufina analoza pa malo a penate.

"Masteni, wapondedwa ndine! Komanso tili pakati pa bwalo!"

"Pano palibe wotukwana mayi wa mnzake ine ndili moyo. Penate."

Achaka choyamba anamwetsa. Anthu a m'mudzi anagwirizana nacho chigamulocho, makamaka amayi, amene anayamba kululutira.

Mpira uli pafupi kutha, achaka chachiwiri akutsogola, mwayi unagwera Dyton. Goloboyi anali atagwa, goli lili pululu, mpira uli kuphazi kwake. Bwalo lonse linaimirira. Dyton anaumenya ndi mtima wonse, ndipo mpirawo unadutsa pamwamba pa goli, pamwamba pa mpanda, n'kukatera m'munda wa kachewere wa munthu wina. Anthu anakuwa, ena kudzigwira kumutu, ena kumuloza.

Masewero atatha Dyton anabwera kwa Lufina, amene anali atagona chagada pa udzu kufuna mpweya. "Amati chiyani?" anafunsa ndi manja.

Lufina anaganiza zonama. Kenako anakumbukira udzu wonyowa uja. Anadzuka, n'kumuyang'ana kumaso. "Amati mwendo wanu ndi wa kachewere wovunda. Ena amati mubwerere kumudzi mukaweta mbuzi."

Nkhope ya Dyton inawala. "Zoona? Amanditukwana?"

"Kwambiri."

"Ngati mmene amatukwanira Gracious?"

"Kuposa."

Dyton anaseka mpaka misozi. Chifikire pakoleji, anthu ankamuseka kapena kumumvera chisoni. Kumukalipira chifukwa chophonya chigoli, monga amachitira ndi wina aliyense, kunali kusanachitike. Gracious anabwera akutsimphina, n'kuima patsogolo pake kuti milomo ioneke. "Kutsogolo sumatha," anatero. "Koma kumbuyo wandisowetsa mtendere. Lolemba ubwere." Kuyambira tsikulo woyimbira aliyense pabwalolo ankanyamula kansalu, ngakhale kuti penate ya kutukwana inathera pomwepo.

Lufina anatengapo chizolowezi chatsopano. Asanakonze chilichonse, ankayamba wazungulira m'mahositelo akufunsa, "Mukufuna chiyani?" Mayankho ambiri anali opanda mutu. Wina ankafuna chibwenzi, wina ankafuna kuti masamu athetsedwe m'dziko muno. Koma pakati pa zimenezo pankatuluka zenizeni. Zione, mtsikana wachialubino wa chaka choyamba, amene anthu ankati ndi wonyada poti sankabwera kubwalo, anati ntchembere mbaye amaikonda kwabasi, koma imaseweredwa dzuwa lili paliwombo, ndipo khungu lake silingapirire. Lufina anasunthira masewerowo kumadzulo. Zione anapezeka kuti ndi woponya woopsa, wa zigongono zakuthwa, moti ena anayamba kudandaula kuti bwenzi atangomusiya m'chipinda.

Za belu zinatha mosavuta: amene ali pafupi ndi Dyton azimugwira paphewa. Poyamba ankaiwala, kenako anayamba kukumbukira onse nthawi imodzi, mpaka Dyton anapempha kuti azimugwira mmodzi yekha, phewa lisanaguluke. Za aphunzitsi zinavutirapo. A m'kalasi mwake anapangana kuti mphunzitsi akayankhula atayang'ana bolodi, iwo azigogoda madesiki. Madamu Regina, ophunzitsa za kakulidwe ka ana, anatembenuka ali ndi ukali, kufunsa amene wayambitsa mwano. Kalasi yonse inaloza kunja, kumene nduna ya zisangalalo inkadutsa ndi bulangete lake. Lufina anaitanidwa ku ofesi, ndipo anthu anamva zonse ali panja, poti ofesiyo inali ndi mawindo. Anatuluka akuseka onse awiri. Madamu Regina anazolowera kulemba kaye n'kutembenuka, ndipo anadzavomera okha kuti chiyambire kuyang'ana kalasi, ogona achepa.

Chinenero chamanja chinafalikira, koma osati pa chifukwa chimene Lufina ankayembekezera. Ophunzira anatulukira kuti ndi manja ungathe kujeda mphunzitsi wamkulu pa asembule iye ali pomwepo. Ungathe kucheza m'laibulale osathamangitsidwa. Koposa zonse, mnyamata angathe kuima kuseri kwa mpanda wa hositelo ya atsikana, kumene saloledwa kulowa, n'kufunsira mbeta ili pawindo. Pa mwala uja panayamba kudzaza anthu madzulo alionse, ndipo Dyton ankaphunzitsa ataimirira, akukonza zala za anthu mosanyengerera. Chrispine anabweranso, wopanda wojambula. Anadikira onse achoke, n'kufunsa mmene amanenera kuti pepani. Dyton anamuonetsa, n'kumubwerezetsa mpaka dzanja linatopa.

Nthawi ya zisankho zina itakwana, Lufina ndi anzake a chaka chachiwiri anali akumanga katundu. Dyton anaima pa mpando wa pulezidenti. Anati adzayankhula ndi manja, poti ndi mmene amanenera zakukhosi bwino, ndipo anapempha Masteni kuti amumasulire.

Holo inadzaza. Dyton anayamba ndi nkhani ya masitepe a kulaibulale, amene mnzawo woyenda ndi ndodo ankavutika kukwera. Lufina anamasulira bwino. Dyton ananenanso za ophunzira amene amabwera kukoleji opanda bulangete n'kumachita manyazi kunena. Lufina anamasuliranso bwino. Koma poyang'ana nkhope za anthu anaona kuti zazizira, ndipo wopikisana ndi Dyton anali atangolonjeza kumene disiko ya Loweruka lililonse. Mtima wa umayi unamugwira. Dyton atakweza manja kunena kuti sadzalonjeza zimene sangathe, Lufina anakweza mawu.

"Akuti mukamuvotera, nyama izidyedwa katatu pa sabata!"

Mbali zonse za holo zinaphulika.

"Sananene zimenezo!"

"Bodza, Masteni!"

"Wati sadzalonjeza! Taona ndi maso athu!"

Gracious anakwera pa benchi n'kubwereza ndi manja zimene Dyton ananena, molondola ndithu, kupatula chala chimodzi. A Silvester anasuzumira pa windo la kukhitchini kufunsa kuti nyamayo ichokera kuti. Dyton, poona holo yonse ikuloza womasulira wake, anatembenuka n'kumufunsa ndi nsidze zokha. Lufina anavomera mlandu pomwepo. Anati ankangothira mchere pang'ono.

Dyton anamugwira pa mkono mwaulemu, n'kumutsitsa pa nsanja, n'kukamukhazika pa mpando wa kutsogolo. Kenako anayang'ana m'holo kufuna womasulira wina, ndipo manja amene anakwera anali ambiri moti anachita kusankha. Anasankha Zione. Lufina anakhala pamenepo, nduna yochotsedwa ntchito pamaso pa anthu, akupukuta m'maso ndi ngodya ya bulangete, n'kumauza Eliza kuti ndi chimfine.

Dyton anapambana. Lufina anamaliza maphunziro ake, ndipo anamutumiza kusukulu ina ya pulayimale kuseri kwa Kandeu, kumene akuphunzitsa Sitandade 2 mpaka pano. Masitepe a kulaibulale anawagumula mbali imodzi n'kuikapo njira yotsetsereka, imene ophunzira anamanga okha ndi njerwa zotsala. Koma nkhani ya nyama sinafe. Chaka chonse cha upulezidenti wake, nyemba zikangotuluka m'khitchini, anthu ankatembenukira kwa Dyton n'kumufunsa ndi manja kuti katatu kaja kayamba liti. Iye ankawajambula n'kutumiza chithunzicho pa foni ya Lufina, pansi pake atalemba kuti: "Anthu anu awa, Masteni. Bwerani mudzawayankhe."